Patani ya madola 2 inandidyera chitenje, ya mapaundi ndasokera kasanu

Chitenje chomwe ndinagula kuti ndikavale pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga sichinafike ku chinkhosweko. Chili m'thumba la zidutswa kuseri kwa makina, chodulidwa kale: mbali ya kutsogolo, ya kumbuyo, ndi manja awiri amene anakana kulowa m'malo mwake. Chinali cha buluu woderako ndi maluwa achikasu, ndipo ndinachisankha mu msika wa Zomba nditazungulira kawiri. Chimene chinachiononga ndi patani ya madola 2 yomwe ndinagula pa intaneti ndikudziona ngati ndatola.

Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale. Ndimasoka Loweruka ndi nthawi ya holide, pa makina opalasa a Butterfly amene anandisiyira mayi anga, ndipo madzulo ndimaluka ndi singano ya crochet, kaya magetsi alipo kaya azima. Zovala ndimasokera ine mwini, ana anga awiri aakazi ndi achibale. Zoluka, makamaka mashawelo a ana ndi tizipewa, ndimagulitsako. Amayi anzanga a ku tchalitchi akamva kuti ndinalipira ndalama zakunja kugula patani, funso limakhala limodzi: "Amayi, ndalama zonsezo kugulira pepala?" Ndiye ndati ndilembe bwinobwino zomwe ndaona m'zaka zitatu zomwe ndakhala ndikugula mapatani, otsika mtengo, odula, ndi aulere omwe.

Funso lawolo si lopusa ayi. Kwathu kuno zovala sizidulidwa ndi pepala. Abambo atelala amene amakhala pakhonde la sitolo pafupi ndi kwathu amakuyezani ndi tepi, kulemba manambala m'kope, kujambula ndi choko pansalu pomwepo, basi sizasi yalowa. Chilundu chawo chimakhala ngati munabadwa nacho. Nditawaonetsa mapepala anga olumikiza ndi selotepi, anawatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Aphunzitsi, izi n'zomwe zili m'mutu mwangamu, kungoti inu mwazigula." Ananena zoona. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adula nsalu tsiku lililonse kuyambira ndisanakwatiwe, pomwe ine ndimadula kawiri pamwezi. Diso lawo ndilibe. Ndikagula patani, ndimakhala ndikubwereka diso la munthu wina, ndiye nkhani yonse yagona pakuti munthuyo amaona bwino kapena ayi.

Wogulitsa patani ya madola 2 uja sankaona. Chithunzi chake chinali chokongola, diresi la manja otukumuka pang'ono, khosi lozungulira, chiuno chogwira. Masaizi anali atatu okha, S, M ndi L, popanda tebulo lonena kuti chifuwa cha masentimita angati chilowe mu saizi iti. Ichi chokha chikanandichenjeza. Nditapulinta ndinapeza kuti palibe kabokosi koyezera ngati makina apulinta mulingo woyenera, palibe tizizindikiro tosonyeza pomwe mkono ukumane ndi phewa, ndipo malangizo onse anali theka la tsamba. Sananene n'komwe ngati malo a msoko awerengeredwa kale kapena ndiwonjezere ndekha. Chinkhoswe chinali chitayandikira, ndiye ndinadula chitenje chenicheni osayamba ndayesa pa nsalu yachabe. Mutu wa mkono unatalika kuposa bowo lake ndi pafupifupi chikhatho chonse. Khosi linayasama mpaka kumapewa. Pambuyo pake nditaika saizi L pamwamba pa S ndinazindikira chomwe anachita: anangokulitsa chojambula chonse ngati chithunzi cha pa foni, khosi ndi zonse, ngati kuti munthu akanenepa khosi limanenepa mofanana ndi chiuno. Ndinamulembera, sanayankhe. Ku chinkhoswe ndinavala chilundu chakale.

Tawerengani nokha. Madola 2, kuphatikiza bandulo, kupulinta, chitenje, zipi, ulusi, ndi Loweruka lonse lathunthu. Pa zonsezi patani ndiyo inali yotsikitsitsa mtengo, koma ndi yomwe inagwetsa zina zonse.

Patapita miyezi ingapo msuweni wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester anandiuza za Tilly and the Buttons, kampani yaing'ono ya ku London ya mayi wotchedwa Tilly Walnes. Ndinasankha patani yawo ya Indigo, diresi lomasuka lokhala ndi madati (timisoko topinda nsalu kuti igwire thupi) pachifuwa, siketi ya makwinya yoyambira pamwamba pa chiuno, matumba m'mbali, lopanda zipi kapena mabatani. Mtengo wake unali mapaundi opitirira 10. Ndinakhala masabata awiri ndikuyang'ana nambala imeneyi. Inali nthawi yomwe kwacha inali itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse cholembedwa mu ndalama zakunja chinkaoneka ngati chikukuseka. Ndalama imeneyo ikanandigulira zitenje zingapo zabwino. Kalipiridwe kakenso kanali kozungulira: msuweni wanga analipira ndi khadi yake kumeneko, ine n'kutumizira mayi ake makwacha ofanana pa Airtel Money kumudzi. Kopanda wachibale kunja sindikudziwa kuti ndikanadutsira pati.

Zomwe zinabwera zinali mafayilo a PDF: masamba a A4 olumikiza wekha, pepala lalikulu la A0 la amene ali ndi kopulintira kotero, ndi kabuku ka malangizo. Ine ndinatenga a A4, masamba opitirira 30. Apa mvetserani, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Mnyamata wa pamalo opulintira amazolowera kudina "fit to page", ndipo akatero patani yonse imachepa pang'ono, mwina osaoneka ndi maso, koma pa chovala mumadzaona. Muuzeni apulinte pa 100 peresenti, ayambe ndi tsamba lokhala ndi kabokosi koyezera lokha, inu muyeze ndi tepi muli pomwepo. Kakakwana, apitirize. Ndinapita ndi tepi yanga m'chikwama ndipo ulendo woyamba kabokosi kanaperewera. Tinakonza tisanaononge masamba ena onse. Kulumikiza kunatitengera madzulo athunthu ine ndi mwana wanga wamkulu, titayala pa mkeka, iye akudula m'mphepete ine ndikumata. Selotepi inatha mpukutu umodzi ndi theka. Ndalama ya kupulinta ndi selotepi muiwerengere pa mtengo wa patani iliyonse ya PDF, yodula ndi yotchipa yomwe.

Tsono ndalama zija zinapita kuti? Ndinaziona nditangoyamba kudula. Pali tebulo la miyezo ya thupi, ndi lina la miyezo ya diresi likatha, kotero umadziwiratu kuti limasuka bwanji usanagwire sizasi. Masaizi awo ali ndi manambala awoawo, osati 12 kapena 14 wa pa kaunjika, ndiye sungachitire mwina koma kudziyeza, zomwe n'zabwino. Malo a msoko, mamilimita 15, anaikamo kale ndipo analemba poyera. Chidutswa chilichonse chili ndi muvi wosonyeza momwe chigonere pansalu. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti anajambula kayalidwe ka zidutswa pa nsalu yopapatiza ya masentimita 115, osati ya 150 yokha. Chitenje chathu chili cha kumeneko m'lifupi, ndiye ndinangotsatira chithunzi osataya nsalu. Malangizo ali ndi zithunzi zenizeni za manja akusoka, sitepe ndi sitepe, ndipo mawu a ntchitoyi amawatanthauzira. Mkono unalowa m'bowo lake tizizindikiro tikukumana ndendende. Ndinaimitsa makina n'kuyang'ana kaye, chifukwa ndinali ndisanaonepo mkono ukulowa osalimbana nawo.

Ulendo uno ndinayamba ndi shiti yakale ya pa kaunjika, ndipo ndinachita bwino. Dati linandikhalira m'mwamba, ndinalitsitsa pang'ono, siketi ndinaitalikitsa chifukwa kusukulu ndi ku tchalitchi sindivala zolekeza m'mawondo. Patani yodula sikutanthauza kuti anayeza thupi lanu. Anajambulira thupi limodzi la pakatikati, inu mumasinthira lanu. Kusiyana kwake n'kwakuti yojambulidwa bwino imalola kusinthidwa, chifukwa ukasuntha chinthu chimodzi zina zonse zimakhalabe m'malo. Chinanso, chitenje chatsopano chimakhala chouma gwa, ndipo makwinya a siketi amaima ngati ambulera. Muchichape kaye, musite, ndiye mudule. Diresi langa loyamba linagwa bwino pathupi litachapidwa kachitatu.

Pofika lero Indigo ndaisoka kasanu: awiri anga, limodzi la mwana wanga wamkulu, bulauzi ya achemwali, ndi lina la mayi ake a msuweni uja, ngati zikomo. Mukagawa mapaundi aja kasanu, chovala chilichonse chanyamula ndalama yochepa kuposa yomwe ndinataya pa diresi la chinkhoswe. Zidutswa za patani ndinazikoperanso pa pepala lolimba la khaki kuti zisang'ambike, ndipo saizi iliyonse ili mu envulopu yake.

Komabe sindingauze aliyense kuti athamangire kugula. Indigo ndi diresi losavuta. Abambo atelala aja ataliona ndili nalo pathupi anazungulira kamodzi n'kuti, "Bweretsani nsalu mawa, Lachinayi mudzatenge." Ndipo angathedi. Ngati cholinga chanu ndi kungovala diresi lotere, ndalama ya patani mupatseni telala, mupindula. Patani iyi ndi ya munthu amene akufuna kuphunzira kusoka yekha, amene alibe womuima pambali kumuuza kuti apa pinda, apa sita kaye usanapitirize. Kwa ine kabuku kaja kanagwira ntchito ya mphunzitsi, ndipo ndikayerekeza ndi fizi ya kosi ya zosoka, mtengo wake sundipwetekanso mtima. Onaninso malamulo a wokonza musanagule, chifukwa ambiri amalola kusokera inu eni ndi a kunyumba kwanu, osati kusokera malonda. Kwa amene amasoka kuti adye, mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mtengo.

Pakati pa ziwirizi pali Burda Style, magazini ya ku Germany imene anaiyambitsa Aenne Burda cha m'ma 1950. Achemwali anga ena amandibweretsera makope akale akamachokera ku Johannesburg. Mukawerenga patani imodziimodzi, palibe yotsika mtengo kuposa iyi, chifukwa kope limodzi limanyamula zovala zambirimbiri, ndipo kajambulidwe kake n'kodalirika, makamaka majekete ndi mathalauza. Koma mumalipira ndi maso. Mapatani onse anawapanikiza pa mapepala akuluakulu ochepa, mizere yofiira, yobiriwira, yabuluu ndi yakuda kudutsanadutsana, inu muzitsata nambala ndi mtundu wa mzere wanu n'kumakopera pa pepala loonekera. Malo a msoko mulibe, mumawonjezera nokha. Malangizo ndi afupi, olembera munthu wodziwa kale. Ine ndimakopera masana panja, pansi pa mtengo wa mango, chifukwa ndi nyali ya usiku mizere imasakanikirana. Woyamba kumene asayambire apa.

Ku zoluka nkhani imatembenuka, ndipo ichi ndi chomwe chinanditengera nthawi kuti ndichimvetse. Sizasi ikadutsa pansalu, yadutsa. Koma wulu umakhululuka. Ukalakwitsa mzere wa 20, umasolola singano, kukoka ulusi, kukulunganso mpira, n'kuyambiranso. Wataya madzulo awiri, koma katundu wako ali yense. N'chifukwa chake pa crochet sindiopa patani yaulere monga ndimaopera pa nsalu.

Ndipo zaulere zabwino zilipo zochuluka. Mashawelo ambiri amene ndagulitsa anachokera ku DROPS Design, a ku Norway, amene amapereka mapatani awo onse osalipiritsa. Sikuti ndi chifundo chabe: iwo amagulitsa wulu, ndiye patani ndi njira yokopera anthu ku wulu wawo. Koma popeza ndi kampani yofuna kusunga dzina, manambala awo amakwana, amaika zojambula za masitichi, ndiponso timavidiyo tosonyeza malo ovuta. Amalolanso kugulitsa zomwe waluka ngati ukugulitsa chimodzichimodzi kapena pa oda, zomwe kwa ine n'zofunika. Kalembedwe kawo n'kothinana, masaizi onse pamzere umodzi olekanitsidwa ndi timizere, kotero ndisanayambe ndimazunguliza ndi pensulo nambala ya saizi yanga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Wulu wawo kuno kulibe; ndimagwiritsa ntchito wa akiriliki wa m'masitolo a m'tauni, wa double knit, ndi singano ya mamilimita 4. Choncho kachigamba koyesera ka masentimita 10 mbali zonse sindikadumpha. Masitichi akachuluka kuposa omwe anena, ndimatenga singano yokulirapo, akachepa, yocheperapo. Pa shawelo kusiyana pang'ono kulibe kanthu, koma pa kachipewa ka khanda kumaoneka.

Pali msampha wina womwe sukhudzana ndi mtengo konse. Azungu a ku Britain ndi a ku America amatchula masitichi mosiyana. Chomwe Amereka amati single crochet, ku Britain ndi double crochet. Double crochet ya ku America ku Britain ndi treble. Mayi anga anaphunzira za ku Britain kwa amayi a homecraft, ine n'kutengera kwa iwo. Patani yabwino imanena pamwamba penipeni kuti ikutsata ziti, ndipo DROPS amakupatsa kusankha. Yosanena, fufuzani "sc", chidule cha single crochet: mukaipeza, ndi ya ku America.

Pomwe ndimapita ndisanalipire kalikonse ndi Ravelry, tsamba la pa intaneti la anthu oluka. Inayamba mu 2007, kulembetsa n'kwaulere, ndipo phindu lake lalikulu si mapatani okha koma anthu amene analuka kale. Pansi pa patani iliyonse mumaona zithunzi za omwe anaiyesa, wulu womwe anagwiritsa ntchito, ndi zomwe analemba, monga kuti manja anatuluka aatali kapena kuti mzere wakuti unawasokoneza. Patani yaulere yolukidwa ndi anthu mazanamazana ndimaikhulupirira kuposa yolipira imene palibe ndi mmodzi yemwe waonetsa zake. Ndikanadziwa izi kale sindikanagula kachidole ka njovu ka dola imodzi ndi theka pa msika wina wa pa intaneti. Chithunzi chake chinali chosalala modabwitsa, ndipo mwana wanga ndiye anandionetsa kuti masitichi ake sakutsatana ngati a manja a munthu, kuti chinapangidwa ndi kompyuta. Malangizo ake manambala sankakwana: mzere wina masitichi 24, wotsatira 40 popanda kunena powonjezera. Chomwe chinatuluka chinali ngati mbatata. Ndinamasula, wulu womwewo ndinalukira nsapato za khanda mapeya atatu. Zinandiwawa, koma osati ngati chitenje chija.

Patani ya crochet yomwe ndinalipira osadandaula ndi imodzi, ya juzi yotsegula kutsogolo, madola 7. Juzi iyenera kukwana mapewa ndi m'khwapa, ndipo imadya mipira yambiri ndi milungu yambiri, ndiye apa kulakwitsa kumayamba kufanana ndi kwa nsalu. Mayi amene anailemba anaika chiwerengero cha masitichi kumapeto kwa mzere uliwonse, saizi iliyonse payokha, anajambula juziyo ndi miyezo yake, ndipo anathokoza anthu omwe anamuyesera masaizi onse asanayambe kugulitsa. Nditakakamira polumikiza manja ndinamulembera, tsiku lachiwiri anayankha ndi chithunzi. Madola 7 aja anagula zimenezo: anthu ena analakwitsa kale m'malo mwanga, iye n'kukonza.

Chifukwa cha ichi, anzanga akandipempha kuti ndiwaponyere fayilo pa WhatsApp ndimakana, ngakhale zimandivuta kukana mayi amene timakhala benchi imodzi Lamulungu. Ndimadziwa kuti si kuipa mtima, ndalama zakunja zikusowadi. Koma ndaluka mokwanira kudziwa kuti kuwerengera juzi imodzi m'masaizi asanu ndi anayi ndi ntchito ya milungu, ndipo wochita ntchitoyo nthawi zambiri ndi mayi mmodzi pa tebulo la kunyumba kwake, ngati ine ndi mashawelo anga. Wina atatenga shawelo yanga osalipira sindingakondwe. Chomwe ndimachita n'kukhala nawo pansi ndi foni, kutsegula Ravelry, kusankha zaulere zokhazokha, n'kufunafuna yofanana. Sitinalepherepo kupeza.

Za chitenje cha buluu chija, sabata yatha ndinachitulutsa m'thumba n'kuchiyala pa tebulo. Mbali ya kumbuyo ikukwana kasiketi ka mwana wanga wamng'ono ndikaidula mwanzeru. Manja awiri aja ndinaikapo chidutswa cha thumba cha Indigo, ndipo chikukwana onse awiri, kutsala kamzere kopendera khosi. Diresi lachisanu ndi chimodzi ndi la nsalu yakuda ya mtundu umodzi, ndagula kale ndipo yachapidwa, ili pachingwe. Maluwa achikasu aja akhala m'matumba, ndidula Loweruka.